Mafunso ndi mayankho okhudza digiri yachiwiri ya ubale wa pakati pa mayiko, kwa olankhula Chichewa a mu Harare

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi achinyamata ochokera ku Malawi amene akugwira ntchito kapena kuphunzira muno mu Harare, komanso ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, n'kukhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa. Fizi ndi masiku olembetsera zimasintha chaka ndi chaka, choncho pa zimenezo mufunse ku ofesi yolembetsa ophunzira ya yunivesite imene mwaisankha.

Kodi maphunziro amenewa ndi a chiyani kwenikweni?

Maphunzirowa amafufuza mmene mayiko amakhalirana: chimene chimawachititsa kumenyana, mmene amapangira mapangano ndi kuwaswa, mmene amachitira malonda, ndiponso chifukwa chake mayiko ena akalankhula amamveredwa pomwe ena amangouzidwa zochita. Mafumu akhala akutumizirana amithenga kuyambira makedzana, koma phunziroli linayamba kuphunzitsidwa palokha mu 1919 ku Aberystwyth, ku Wales, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kumene, ndipo nkhawa ya oyambitsawo inali yakuti nkhondo ina yotero ingapewedwe bwanji.

Kwa ife, mafunso ake ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Malawi ndi Zimbabwe ndi mayiko opanda doko, kotero mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala zimafika podzera m'mayiko a eni, ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Munthu amene wamvetsa zimenezi sadabwa kuti Zimbabwe inatumiza asilikali ake kukalondera njanji, msewu ndi paipi ya mafuta ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980 pamene ku Mozambique kunali nkhondo yapachiweniweni. Amayambanso kuona mbali zonse za mkangano wakuti Dr Kamuzu Banda anatseguliranji ubale waukazembe ndi boma latsankho la South Africa mu 1967, pamene mayiko ambiri a mu Africa anali kulisala. Pa digiri yoyamba wophunzira amauzidwa zimene zinachitika, koma pa digiri yachiwiri amayenera kufotokoza chifukwa chake zinachitika motero, ndi umboni wake, ndiponso kuyankha amene akutsutsa.

Ndikamaliza digiriyi ndidzakhala kazembe?

Ayi, ndipo ndi bwino kuti zimenezi mudziwiretu musanalipire ndalama iliyonse. Akazembe amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo ku Malawi dzina la wosankhidwayo limayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo akuluakulu. Ena mwa osankhidwawo ndi anthu amene akulira muunduna wa zakunja, koma ambiri ndi andale, asilikali opuma ntchito kapena anthu ena odziwika, amene sanaphunzirepo phunziroli ngakhale tsiku limodzi.

Khomo limene digiriyi ingakuthandizeni kulowa ndi la ntchito za m'boma. Munthu amalembedwa kudzera ku bungwe lolemba ntchito za m'boma, amayamba pa udindo wapansi kulikulu la unduna, ku Munhumutapa Building ngati ndi kuno kapena ku Capital Hill ngati ndi ku Lilongwe, ndipo zaka zimapita akulemba makalata, malipoti ndi mfundo za misonkhano asanatumizidwe kunja. Akatumizidwa amakwera pang'onopang'ono, kuyambira pa mlembi wachitatu, wachiwiri, woyamba, kenako mlangizi. Ntchito zambiri za ku ofesi ya kazembe n'zopanda ulemerero umene anthu amauona pa wailesi yakanema: kuthandiza nzika imene yataya pasipoti, kuyendera omangidwa, kukonza zikalata zotumizira maliro kumudzi.

Ambiri mwa omaliza maphunzirowa sagwira ntchito ku unduna wa zakunja n'komwe. Amapezeka m'mabungwe omwe si aboma, m'nyuzipepala, m'mabanki, m'makampani a zamtengatenga, kunthambi zoona za olowa ndi otuluka m'dziko, kusilikali, ndi m'mayunivesite. Harare ili ndi mwayi pamenepa chifukwa muno muli malikulu a African Capacity Building Foundation, ARIPO (bungwe loteteza umwini wa zinthu zimene anthu apeka) ndi MEFMI (bungwe lophunzitsa kayendetsedwe ka chuma cha boma), komanso maofesi a UNESCO ndi FAO oyang'anira chigawo cha kum'mwera kwa Africa. Malo ndi ochepa, opikisana ndi ambiri, ndipo olemba ntchito amayang'ana luso lolemba momveka komanso ntchito imene munagwirapo asanayang'ane dzina la digiri.

M'kalasi amaphunzitsa zotani?

Pafupifupi yunivesite iliyonse imayamba ndi maganizo akuluakulu ofotokozera khalidwe la mayiko. Otsatira realism, monga Hans Morgenthau ndi Kenneth Waltz, amati pamwamba pa mayiko palibe boma lowaweruza, choncho dziko lililonse limadziteteza lokha ndipo mphamvu ndiyo imagamula. Otsatira liberalism amati malonda, malamulo ndi mabungwe zimatha kumanga manja a mayiko n'kuwaphunzitsa kukhulupirirana. A constructivism amati zofuna za dziko sizibadwa nalo, koma zimaumbidwa ndi mbiri yake ndi mmene limadzionera. Palinso akatswiri monga Samir Amin ndi Walter Rodney amene anaonetsa kuti umphawi wa mayiko athu ndi chuma cha mayiko a kumpoto zinamangidwa pamodzi, china kudyera chinzake.

Maganizowa saloweza ngati katekisimu. Amayesedwa pa nkhani zenizeni. Chitsanzo chabwino ndi khoti la SADC limene linali ku Windhoek. Mu 2008 khotilo linagamula mokomera alimi achizungu amene minda yawo inalandidwa ku Zimbabwe, boma la Zimbabwe linakana chigamulocho, atsogoleri a SADC anaimitsa ntchito za khotilo mu 2010, ndipo mu 2014 anasaina pangano latsopano lakuti khotilo lizimva milandu ya pakati pa mayiko okhaokha, osati ya munthu payekha. Wa realism adzati zimenezi zikutsimikiza kuti maboma salola kuweruzidwa pa nkhani imene akuiona kuti ndi ya moyo wawo. Wa constructivism adzafunsa chifukwa chake atsogoleri enawo anaima ndi Harare, ndipo yankho adzalifuna mu ubale wa zipani zimene zinamenyera ufulu limodzi ndi m'mbiri yowawa ya kulandidwa kwa malo. Wophunzira amakhoza mayeso akaonetsa pamene ganizo lililonse likufika ndi pamene likulephera.

Maphunziro ena ndi malamulo a pakati pa mayiko, monga pangano la ku Vienna la 1961 lokhudza akazembe. Chuma ndi malonda a dziko lonse. Kathetsedwe ka mikangano. Mabungwe monga United Nations, African Union ndi SADC. Ndi njira zochitira kafukufuku. Phunziro lomalizali ambiri amalinyoza, koma ndilo limawagwetsa akafika polemba kafukufuku wawo.

Ndingaphunzire kuti?

Muno mu Harare, University of Zimbabwe ya ku Mount Pleasant yakhala ikuphunzitsa digiri yachiwiri ya phunziroli kwa zaka zambiri. Yunivesiteyi inayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland, kotero kuti mwana wa Mmalawi akamalowa pachipata chake sakulowa pamalo achilendo. Bindura University of Science Education ndi Midlands State University ya ku Gweru zilinso ndi maphunziro a mtundu umenewu, pamene Africa University ya ku Mutare imadziwika ndi maphunziro a mtendere ndi utsogoleri, ndipo imalandira ophunzira ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Kuno digiriyi imatenga chaka ndi theka kapena zaka 2.

Ku South Africa kuli Wits, Pretoria, Cape Town, Stellenbosch ndi Rhodes, koma kumeneko munthu amayenera kukhala ndi digiri ya honours kapena yofanana nayo, ndipo satifiketi yakunja imayamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe la kumeneko loona za masatifiketi. Ku Kenya kuli sukulu ya zaukazembe ya University of Nairobi, ndipo Pan African University, yomwe ndi ya African Union, imaphunzitsa za ulamuliro ndi mgwirizano wa mayiko ku Yaoundé. Ku Britain digiriyi imatenga chaka chimodzi, pamene m'mayiko ambiri a ku Ulaya imatenga zaka 2.

Posankha, dzina la yunivesite lisakuchititseni khungu. Fufuzani aphunzitsi a m'nthambiyo, muone zimene alemba m'zaka zaposachedwa, ndipo mufunse ophunzira amene ali m'chaka chomaliza kuti woyang'anira kafukufuku amatenga nthawi yotalika bwanji kuti abweze mutu umene waperekedwa kwa iye. Yankho la funso limeneli limanena zambiri za sukulu kuposa kabuku kake kotsatsira.

Digiri yanga yoyamba si ya ndale, kodi adzandilandira?

Nthawi zambiri amalandira. Amene anaphunzira mbiri, malamulo, zachuma, utolankhani kapena chitukuko amalowa mosavuta ngati anakhoza bwino, ndipo ena amalandiridwa poganizira zaka zimene agwira ntchito. Ngati digiri yanu munaitenga ku Malawi kapena kudziko lina, iyenera kuunikidwa ndi ZIMCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba ku Zimbabwe, ndipo ntchito imeneyi muiyambe miyezi ingapo nthawi yolembetsa isanakwane.

Ndinabadwira ku Mbare koma agogo anachokera ku Malawi. Unzika wanga ukukhudzana bwanji ndi maphunzirowa?

Ukukhudzana nawo kwambiri, moti nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikonza poyambirira penipeni. Unzika ndiwo umanena fizi imene mudzalipire, thandizo la maphunziro limene mungapemphe, komanso ntchito imene mungafunsire, popeza unduna wa zakunja wa dziko lililonse umalemba nzika zake zokha, ndipo malo ambiri ku likulu la SADC ku Gaborone kapena la African Union ku Addis Ababa amagawidwa potsata mayiko.

Mabanja ambiri akukumbukira lamulo la unzika limene linasinthidwa mu 2001. Linalamula kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane m'miyezi yochepa, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Anthu obadwira kuno, amene ku Malawi sanapondeko ndipo mudzi wa makolo awo amangoumva dzina, anapezeka ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri analephera kuvota. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anabwezeretsa unzika wobadwa nawo kwa amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, ngati kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iwo anali kukhala kuno. Komabe chitupa sichisintha chokha. Mwini wake ayenera kupita ku ofesi yolembetsa nzika ndi kalata yake ya kubadwa ndi zitupa za makolo. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kuti lilole unzika wa mayiko awiri.

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi yokha mudzafunika chilolezo chophunzirira chochokera ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka, chifukwa chidindo cha mlendo chimene amakudindirani ku Nyamapanda sichikupatsani ufulu wokhala m'kalasi. Dziwaninso kuti pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, linalimbikitsa mayunivesite kusungira ophunzira a m'mayiko ena a SADC malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti pakapita nthawi aziwalipiritsa ngati eni dziko. Mayiko amatsata panganoli mosiyanasiyana, kotero mufunse mwachindunji ngati pali fizi ya ophunzira a mu SADC.

Thandizo la ndalama lingapezeke kuti?

Beit Trust, imene ili ndi ofesi muno mu Harare, imathandiza nzika za Zimbabwe, Zambia ndi Malawi zokha kukaphunzira ku Britain kapena ku South Africa, ndipo imayembekezera kuti wophunzirayo adzabwerera kwawo. Chevening, ya boma la Britain, imalipira digiri ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka 2, ndipo womaliza amayenera kubwerera kwawo kwa zaka zina 2. Canon Collins Trust imathandiza ophunzira a kum'mwera kwa Africa, Mandela Rhodes Foundation imalipirira achinyamata a mu Africa ophunzira ku South Africa, ndipo palinso DAAD ya ku Germany, Fulbright ya ku America ndi Erasmus Mundus ya European Union.

Thandizo la Commonwealth lili ndi msampha kwa ife a kuno. Zimbabwe inatuluka m'bungweli mu Disembala 2003 ndipo inapempha kubwereramo mu 2018, pamene Malawi ndi membala kuyambira 1964. Koma pasipoti ya Malawi payokha siikwanira, chifukwa amafunanso kuti wopemphayo akhale wokhazikika m'dziko la Commonwealth, zimene zimavuta kwa munthu amene moyo wake wonse uli ku Highfield.

Amene mukulipiriridwa ndi abale a kumudzi muwerengere za kusintha kwa ndalama. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuno ndalama ya ZiG inayamba mu Epulo 2024 ikuyendera limodzi ndi dola ya ku America. Fizi imene banja linakwanitsa teremu yoyamba ikhoza kukhala yosafikirika pa teremu yachitatu.

Mutu wa kafukufuku ndiusankhe bwanji?

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasochera. Amafuna kulemba za mpikisano wa America ndi China kapena za nkhondo ya ku Ukraine, nkhani zimene akatswiri zikwizikwi okhala pafupi ndi zikalata zake akulemba kale, ndipo mapeto ake amangobwereza zonena za ena. Wolankhula Chichewa wa mu Harare ali ndi chuma chimene mnzake wa ku London alibe, ndipo chikumuyembekezera pa Roadport pomwepa.

Talingalirani ulendo wa basi yopita ku Blantyre. Pa Nyamapanda onse amatsika, katundu amatsitsidwa, amayi ochita malonda amaima pamzere ndi mapepala awo m'manja, osintha ndalama akuzungulira ndi mipukutu ya madola, metikali ndi kwacha. Basi imawoloka Zambezi pa Tete, n'kukaimanso pa Zobue, kenako pa Mwanza, ndipo paliponse pali fomu yake, chidindo chake ndi malipiro ake. Malawi ndi Zimbabwe onse ali mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, umene uli ndi ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pamalire, koma Mozambique, imene ili pakati pawo, inatuluka m'bungweli mu 1997 ndipo inatsala mu SADC yokha. Kodi ndondomekoyo imawathandizadi amayiwa, kapena imangokhala pachikwangwani? Kodi n'chifukwa chiyani pa Chirundu, pamene Zambia ndi Zimbabwe zinaphatikiza maofesi a pamalire mu 2009, zinatheka msanga kuposa m'malo ena? Funso lotere ndi laling'ono moti lingayankhidwe m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo munthu wodziwa Chichewa ndi Chishona angacheze ndi eni nkhaniyo popanda womasulira.

Mitu ina ilipo yambiri. Pali mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa malire a m'nyanja, umene umachokera pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 ndipo unabukanso mu 2012 chifukwa cha kufufuza mafuta, mpaka Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, anaitanidwa kukhala mkhalapakati. Pali kusiya kwa Malawi ubale wake ndi Taiwan n'kutembenukira ku China kumapeto kwa 2007, kumene kungayerekezedwe ndi mfundo ya Zimbabwe yoyang'ana kum'mawa. Pali ziletso zimene America inaika pa Zimbabwe kudzera mu lamulo la ZDERA la 2001, ndi za European Union za 2002. Pali mmene mayiko atatu anathandizirana kapena kulephera kuthandizana pa namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Pali misasa ya othawa kwawo ya Dzaleka ndi Tongogara. Palinso asilikali a Malawi amene anatumizidwa ku Congo kuyambira 2013 pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Nkhani ya unzika wa matchona ndi ana awo nayonso ndi ya ubale wa mayiko, ndipo sinalembedwe mokwanira ndi eni ake.

Amene akuopa kuti mitu yapafupi ndi yonyozeka akumbukire Thandika Mkandawire, amene anabadwira ku Gwanda mu 1940, bambo ake Mmalawi ndipo mayi ake a kuno. Anatsogolera CODESRIA, bungwe la ofufuza za chikhalidwe cha anthu mu Africa, ku Dakar, kenako bungwe lofufuza za chitukuko la United Nations ku Geneva, n'kudzaphunzitsa ku London School of Economics, ndipo mbiri yake yonse anaimanga pofufuza maboma ndi chuma cha mu Africa.

Zofufuzira ndingazipeze kuti muno mu Harare?

National Archives of Zimbabwe, mumsewu wa Borrowdale, imasunga zikalata za boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinalamulira kuyambira 1953 mpaka 1963 likulu lake lili muno, pamodzi ndi zolembedwa zokhudza antchito ochokera ku Nyasaland. Zikalata za ku Malawi kwenikweni zili ku National Archives ya ku Zomba. Ku Belgravia kuli SARDC, imene imasunga zolembedwa zambiri za SADC, ndi SAPES Trust, imene imachititsa zokambirana za ndale za m'chigawo chino.

Musanayambe kufunsa anthu mafunso mutenge kalata ya chilolezo ku yunivesite yanu, ndipo ofufuza amene si nzika amayenera kulembetsanso ku Research Council of Zimbabwe. Pa mitu yokhudza asilikali, zisankho kapena ziletso, akuluakulu a boma ambiri salola kujambulidwa mawu, ndipo ena amalonjeza tsiku koma osapezeka, kotero kafukufuku amene akudalira anthu otere okha amakhala pachiswe. Anthu wamba amene mapepala awo sali bwino muwateteze posalemba mayina awo kapena chilichonse chowazindikiritsa.

Kodi m'pofunika kuphunzira chilankhulo china?

Chingerezi cholemba bwino ndicho choyamba, ndipo mayunivesite ambiri akunja amafuna mayeso a IELTS pa mlingo wa 6.5 kapena 7. Kupitirira apo, Chifalansa chimatsegula makomo ku United Nations ndi ku African Union, ndipo chimaphunzitsidwa ku Alliance Française muno mu Harare. Koma kwa munthu amene adzagwire ntchito pakati pa Malawi ndi Zimbabwe, Chipwitikizi n'chaphindu kuposa mmene ambiri amachiwerengera, popeza njira zathu zonse zazifupi zopita kunyanja zimadutsa mu Mozambique. SADC inawonjezera Chiswahili pa zilankhulo zake zogwirira ntchito mu 2019. Chichewa nacho musachiiwale pa kalata yanu yofunsira ntchito, chifukwa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe a 2013 ndipo chimalankhulidwa m'mayiko anayi a m'chigawo chino.

Ndili pantchito ndipo ndili ndi banja, kodi n'zotheka?

N'zotheka, ndipo ambiri mwa ophunzira digiri yachiwiri kuno ndi anthu apantchito. Mayunivesite angapo amaphunzitsa madzulo, kumapeto kwa sabata, kapena mwa dongosolo la block release, pamene ophunzira amasonkhana kwa masabata ochepa n'kubwerera kuntchito ndi zolemba zoti akamalizire kunyumba. Chovuta chachikulu si kalasi ayi, koma kuwerenga, chifukwa phunziro lililonse limafuna masamba ambirimbiri pa sabata, ndipo magetsi akazima madzulo nthawi yowerengera imasamukira mbandakucha. Mugwirizane ndi abwana anu za tchuthi cha mayeso musanalembetse, ndipo a m'banja mwanu muwauziretu kuti miyezi yolemba kafukufuku ndiyo idzakhale yolemetsa kwambiri.

Nanga madigiri a pa intaneti, ndipo kodi digiri ya kuno idzavomerezeka ku Malawi?

Alipo madigiri a pa intaneti ovomerezeka, monga a UNISA ya ku South Africa ndi a University of London, koma alipo ambirinso ogulitsidwa ndi masukulu opanda chilolezo, amene amalonjeza digiri yachiwiri m'miyezi yochepa popanda kafukufuku. Musanalipire, tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake lomwe, kenako mufunse ku ZIMCHE ngati mudzagwire ntchito kuno, kapena ku National Council for Higher Education ku Lilongwe ngati cholinga chanu ndi kubwerera kumudzi. Digiri yotengedwa ku yunivesite yovomerezeka ya ku Zimbabwe imaunikidwanso ndi bungwe la ku Lilongwe lomwelo munthu akafuna ntchito ya m'boma ku Malawi, choncho musanachoke mu Harare mutenge satifiketi yeniyeni, chikalata chosonyeza magiredi a phunziro lililonse, ndi makope ake otsimikizidwa ndi chidindo.